Fulasiki ya Anti ndi Dothi la a Levulo

Mvula yoyamba ikagwa pa chulu n'kutulutsa fungo lija la dothi lonyowa, ine ndimaona zala za a Levulo, zala zazifupi zokakala, zikhadabo zodyeka ndi simenti, zikukanya dothi lofiira m'chitini cha mkaka. Ankakhala pa njerwa ziwiri pakhonde, msana atatsamira khoma, utsi wa mbaula za m'malayini ukuyenda chapansipansi chifukwa cha chiperoni, fungo la tiyi wouma likubwera ndi mphepo kuchokera kufakitale, pamene kuseri kwa nyumba phiri la Mulanje linali litabisa mutu m'mitambo. Sanali agogo anga ondiberekera mayi kapena bambo. Tinkangogawana khoma. Koma ndikamawerenga anthu amene anandifikitsa pamene ndili lero, ndimayambira pa iwo.

Dzina lawo lenileni linali a Mulipa, koma mukanafunsa dzina limenelo pa esiteti ya tiyi imene tinkakhala, anthu akanakulozerani njira ya kwina. Anali mmisiri womanga nyumba, ndipo atapuma pa ntchito anatsala ndi chinthu chimodzi chimene sankasiyana nacho: levulo yathabwa, ija yokhala ndi kagalasi ka madzi ndi kathovu pakati, yoyezera ngati khoma lawongoka. Ankapita nayo kumsika, kumaliro, ngakhale kutchalitchi. Anthu ankati mkuluyo sangayale mkeka asanayeze pansi, ndipo dzina la a Levulo linawakakamira motero. Ankakhala ndi mwana wawo wamkazi amene ankagwira ntchito kufakitale. Ife ana tinkangoti agogo.

Ine ndinafika m'malayinimo ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Mayi anga anali atamwalira, ndipo bambo anali atawolokera ku Mozambique kukasaka maganyu, n'kungoti zii. Amalume, amene anali kapitawo wa anthu othyola tiyi, ananditenga kumudzi kwathu, kuseri kwa Milonde kufupi ndi malire. Kumeneko sukulu inali tsidya lina la mtsinje. Nthawi ya dzinja ana sankawoloka, ndipo atsikana ambiri ankangolekera panjira n'kuyamba kudikira banja. Ku esiteti sukulu inali pafupi, belu lake tinkalimva tili pakhomo. Ndinkaikonda sukulu kuposa chakudya, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti chondisunga pa sukulupo chinali mtima wa munthu mmodzi, mkazi wa amalume, amene ndinkawatcha kuti anti.

Ndisawanamizire anti. Sanali munthu wankhanza. Anali mayi wotopa, wodzuka nkhuku zisanatsike, dengu kumsana tsiku lonse m'mizere ya tiyi, madzulo n'kudzasinthanitsa dengulo ndi khanda lawo Joji. Nyumba inali ya zipinda ziwiri, malipiro ochepa, kenaka n'kuwonjezerapo ine, kamwa lina, miyendo yosakhazikika ndi lilime loterera. Pakuti ndinene zoona pano pamene ndakula: ndinali mwana wabodza.

Malayini anali nyumba zazitali za kampani, zodulidwa zipindazipinda, banja lililonse khomo lake. Khoma lolekanitsa ife ndi a Levulo linali ndi mng'alu wochokera kudenga mpaka kufupi ndi pansi, wopyapyala moti ukanangolowetsa kamtengo ka tsache. Aliyense anazolowera kuuona, kupatula a Levulo. Iwo anakatapa dothi pa chulu, n'kulikanya, n'kumata timagamba titatu topingasa mng'aluwo mbali ya kwawo, kena pamwamba, kena pakati, kena pansi, kalikonse kukula kwake ngati chikhatho cha mwana. Anabwera ndi chitini chawo kudzapempha kuti amatenso mbali ya kwathu, koma anti anawabweza pakhomo.

"Iyayi agogo, ndangopaka kumene laimu. Mukufuna alendo aziti tikuweta chiswe?"

Tsiku lina ndinawafunsa chimene ankamatira dothi pakhoma la njerwa, poti silinkatseka n'komwe mng'aluwo.

"Sindikutseka, ndikufunsa," anatero. "Mng'alu ulipo wakufa, ulipo wamoyo. Wakufa umangonyansa m'maso. Wamoyo umayenda, ndipo tsiku lina umadzakugwetsera khoma pamiyendo. Ndiye ine sindingakhale maso chaka chonse kuuyang'anira. Dothili ndi mboni yanga. Khoma likangosuntha, ilo lithyoka."

"Nanga khoma lisunthe lokha, agogo?"

"Nthaka ya kuno siigona tulo tatikulu, Elube. Imatembenukatembenuka. Anthu amadziwa chivomerezi chachikulu chokha, chija chotulutsa akuluakulu panja ali ndi thawulo lokha. Koma kuli tating'ono, tobwera mwakachetechete n'kupita. Timeneto sitigwetsa nyumba yabwino. Timangokuuza pamene nyumba ikudwala."

Ankanena kuti pa chaka amamva totere kangapo, ndipo anthu ankawaseka. Azibambo a pa bawo ankati chimagwedezeka ndi mawondo a mkuluyo, osati dziko. Iwo sankatsutsa. Ankangopukuta kagalasi ka levulo ndi ngodya ya malaya awo n'kumapita.

Mlandu wanga woyamba unali wa mbale yadothi ya alendo, yoyera yokhala ndi mzere wabuluu m'mbali. Masana ena, ndili ndekha m'nyumba, ndinaisenza pamutu ngati nkhata ya maluwa, ndikuyenda pang'onopang'ono kuchokera pakhomo mpaka kuchipinda ngati mkwatibwi, ndikudziyimbira ndekha nyimbo za ukwati. Pobwerera ndinawonjezera kuvina. Mbale inatsika isanandipemphe, n'kukhala zidutswa zinayi. Anti atabwera ndinawauza, maso ali gwa, kuti nkhuku ya amake Dorofe, mayi wa kumapeto kwa layini yathu, inalowa m'nyumba n'kuuluka pamwamba pa tebulo.

Anti anapita kwa amake Dorofe ndi zidutswazo m'manja, ndipo mawu amene anatuluka pakhomo pamenepo sindingawalembe. Amake Dorofe analumbira kuti nkhuku yawo inali pa mazira sabata yonse. Azimayi awiriwo analeka kupatsana moni, kumpopi mmodzi akafika wina ankachoka. Koma anti sanali wopusa. Nkhani ya mazirayo inawakhala mumtima, ndipo usiku wake, tikudya, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Elube, ndimve bwino. Chinthu china chikadzaswekanso muno, n'kubwera ndi nthano zako, udzakwera basi ya ku Milonde. Ine mwana wakuba mawu sindingamuwete."

Amalume sananene kanthu, ndipo kwa amalume kusanena kanthu kunali kuvomera.

M'mawa mwake, ndikupita kusukulu, ndinapeza a Levulo pa njerwa zawo. Ndinagwada kuwapatsa moni. Anandiyankha mwa Chilomwe monga ankachitira masiku onse, kenaka anayang'ana kumwamba ngati akuona nyengo.

"Nkhuku za masiku ano zaphunzira, eti. Zimayamba zayimba nyimbo za ukwati, kenaka n'kuswa mbale."

Mng'alu uja sunkangodutsa mphepo yokha. Ndinadikira masiku ambiri kuti akanene, koma sananene, ndipo ine mwa uchitsiru wanga ndinaganiza kuti mlandu watha. Ndinaiwala kuti mlandu suwola.

Panadutsa miyezi iwiri kapena itatu. Linali tsiku lopanda mtambo kumapeto kwa dzinja, dzuwa litangopendeka, anthu onse amphamvu ali kumunda wa tiyi. Ndinali nditaweruka kusukulu, nditagona chafufumimba pa simenti yozizira ya pabalaza, ndikulemba masamu. Pangodya panali kabati ya anti, ya mwendo umodzi waufupi umene anaupachikira katoni yopinda. Pamwamba pake, pa kansalu koluka, pankakhala fulasiki yofiira ya maluwa oyera. Inali mphatso ya ukwati yochokera kwa malemu mayi awo a anti, ndipo inatsikapo kawiri kokha ine ndikuona: pobadwa Joji, ndi tsiku limene abusa anadzacheza. Ine ngakhale kuipukuta fumbi sindinkaloledwa.

Ndinayamba ndamva mkokomo, ngati lole yodzaza ikubwera chapatali, koma lole yake yosafika. Malata analira tetete. Kenaka pansi pamene ndinagonapo panandikankha pamimba, pang'ono chabe, monga amachitira munthu wofuna kukusuntha pamkeka. Masipuni analira m'chitini. Madzi a mu ndowa anapanga timizere tozungulira. Ndinadzutsa mutu n'kuona kabati ikugwedeza mutu pa mwendo wake wa katoni, fulasiki ikupendekera kutsogolo, kubwerera, kupendekeranso. Inagwa ndikuiona. Ndisanawerenge n'komwe mpaka zisanu, zonse zinali zitatha, ndipo kunja tambala ankalira ngati palibe chachitika.

Ndinathamangira panja. Ana ankasewera phada pabwalo. Kumpopi azimayi awiri ankatsukuluza zovala uku akuseka.

"Mwamva?" ndinawafunsa.

"Timve chiyani?"

"Dziko lagwedezeka!"

"Wagwedezeka ndi mutu wakowo. Tachoka apa, ungatiponderere zovala."

Pamenepo mantha enieni anandigwira, osati a chivomerezi ayi, koma a basi ya ku Milonde. Ndinabwerera m'nyumba n'kutola fulasiki. Kunja inali bwinobwino, kungophwanyika pang'ono pachivindikiro. Koma nditaigwedeza, m'kati munalira ngati mchenga wosakaniza ndi timiyala. Galasi lonse linali litanyenyeka. Nzeru zanga zakale zinabwera msanga: ndiibwezere pa kansalu kake, mbali yophwanyikayo iyang'ane kukhoma. Mwina pakanatha chaka mlendo woyenera fulasiki asanabwere. Ndinakoka mpando, ndipo phazi limodzi linali kale pamwamba pamene khoma linalankhula.

"Elube! Wavulala?"

"Ayi, agogo."

"Chagwa n'chiyani?"

"Palibe."

"Palibe ameneyo walira ngati galasi. Tsika pampandopo, ndaumva ukukokedwa. Ika chinthucho pamene chinagwera. Usasese, usakonze kanthu. Mboni saisesa."

Ndinatsika. Ndinaigoneka fulasiki pansi pamene inagwera, n'kukhala pambali pake mpaka wezulo ya kufakitale inalira. Sindinayambe ndadikirapo nthawi yaitali ngati imeneyo.

Anti analowa Joji ali kumsana, mapazi ofiira ndi matope, nsalu yonyowa ndi thukuta. Anaona fulasiki pansi. Sanakalipe. Anaitola, anaigwedeza pafupi ndi khutu, n'kukhala pampando uja mwakachetechete, ndipo misozi inatsika. Ndikanakonda akanandimenya.

"Chinali chivomerezi, anti," ndinatero. "Kabati inagwedezeka yokha."

Anandiyang'ana, n'kuseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Dzana nkhuku, lero chivomerezi. Mawa udzati walowa muno ndi Napolo. Ine ndakhala tsiku lonse ndikuponda nthaka yomweyi, chivomerezi chakocho chinasankha nyumba yanga yokha?"

Amalume anafika pa njinga, ndipo nawonso anati sanamve kanthu. Anatuluka kukafunsa azibambo a pa bawo, amene nthawi imeneyo anali akuchokera kuntchito, n'kubwerako akupukusa mutu. Anti anayala chitenje pansi n'kuyamba kuikapo zovala zanga, madiresi awiri, juzi ndi nsapato za pulasitiki. Ndinaona kuti yunifolomu sanaiike, makope anga sanawakhudze. Amalume anayang'ana pansi n'kunena mawu amodzi okha: "Loweruka." Ndinalira mpaka mawu anatha, ndikulumbira pa manda a mayi anga, koma ndinali nditalumbiranso chimodzimodzi pa nkhani ya nkhuku.

"Odi kuno!"

Anali a Levulo, chipewa m'manja, levulo m'khwapa. Anawapatsa mpando. Anafunsa za moyo wa Joji, za ululu wa msana wa anti, mosafulumira konse. Potsiriza anatsokomola.

"Amake Joji, ine ndabwera ndi milandu iwiri. Ndiyambe ndi wakale. Mbale ija sinaswedwe ndi nkhuku. Anaswa ndi mwanayu, akuvina ukwati. Ndinamva ndi makutu angawa kudzera pamng'alupo. Ndinakhala chete poyembekeza kuti adzanena yekha, ndipo pamenepo ndinalakwa, chifukwa inu ndi amake Dorofe mwadana nthawi yonseyi popanda chifukwa."

Munthu amene ndinkayesa kuti wabwera kudzandipulumutsa ndi amene ankamanga mfundo ya katundu wanga. Anti anawomba m'manja kamodzi n'kuyang'ana amalume, kuyang'ana kwa "sindinanene?"

"Wachiwiri ndi uwu," anapitiriza a Levulo. "Fulasikiyi sanaikhudze. Lero mwanayu wanena zoona. Tiyeni mukaone."

Tinalowa m'chipinda chawo tonse. Munali fungo la fodya ndi sopo, bedi lachingwe, ndi khoma lija kuseri kwake. Timagamba tonse titatu tinali titathyoka, kalikonse ndi kamzere kamodzi kotsata mng'alu wa khomalo ndendende, ndipo pansi panali tinyenyeswa ta dothi tatsopano.

"Ndinali nditakhala pabedipa," anatero. "Levulo inali pawindo. Kathovu kanavina ndikukaona."

"Dothi limang'aluka likauma, agogo," anatero anti.

"Zoona, mayi. Koma louma limang'aluka ngati chidendene cha mlimi, mizere ponseponse, ndipo limatero sabata yoyamba. Ili ndinamata Khirisimasi isanafike. M'mawa uno linali lathunthu. Taonani, kuthyoka kumodzi, malo atatu, tsiku limodzi."

Anti anawerama n'kukhudza kagamba kapansi ndi chala. Ndinaona kuti mtima wawo wayamba kugwedezeka, koma sunagwe.

"Nanga ine bwanji sindinamve? Ndinali dziko lina? Abambo awa bwanji? Layini yonse?"

"Inu munali chiimire, mukuyenda m'tiyi, dengu likukugwedezani kale kumsana. Awa anali pa njinga. Miyendo yoyenda siimva tating'ono totere. Mwalakwitsa anthu ofunsa. Musafunse oyenda, funsani ogona." Anavala chipewa. "Ine sindikalankhula. Mukafunse ndinu, ndipo musakatchule chivomerezi. Mukangofunsa kuti aswera bwanji."

Tinayenda m'layinimo ngati anthu operekeza mkwati, a Levulo patsogolo, anti ndi Joji, amalume, ine kumbuyo ndikupukuta mamina. Tinayambira kwa a Jafali, mlonda wa kufakitale, amene ankagwira ntchito usiku n'kumagona masana. Tinawapeza pakhonde akumanga zingwe za jombo, nkhope ili ndwii, akazi awo atawafulatira. Anti anafunsa ngati anagona bwino.

"Kugona? Afunseni awa! Munthu ndangotseka maso, akubwera kudzandigwedezera bedi dzuwa lili pamutu. Ndikuti akufuna chiyani, athawa."

"Ine ndinali kumpopi!" anakuwa akazi awo. "Ndakuuzani kangati? Mukalota ziwanda zanu muzinamizira ine?"

Anakhala akukangana za bedilo kuyambira masana. Amalume anatembenuka n'kubisa kamwa ndi dzanja. Anti sanaseke.

"Mmodzi akhoza kulota," anatero a Levulo tili m'njira. "Alipo wina amene wagona masiku atatu ndi malungo. Koma khomo lake ndi lovuta kwa inu."

Anti anaima. Tonse tinadziwa kuti akunena amake Dorofe. Anti anakonza Joji kumsana, anamanganso nsalu mwamphamvu, n'kupitirira. Mpaka lero ndimawalemekeza chifukwa cha mapazi amenewo, poti akanatha kubwerera, ndipo palibe akanawadzudzula.

Amake Dorofe anali pamkeka, atafunda bulangete ngakhale kunkatentha. Anadabwa kuona anti pakhomo, koma odi sakanizidwa. Anti anagwada n'kufunsa za matendawo, mawu akutuluka movutikira.

"Thupi likuphwanyabe," anatero mayiwo. "Masanawa ndiye ndinayesa ndikupita. Ndinamva mkeka ukuyenda. Ndinati kaya ndi malungowa akundinjenjemeretsa, koma ndikuona botolo la mankhwala likugundana ndi kapu pampandopo, ngwe ngwe ngwe. Nanga botolo limadwala malungo?"

Anti anatembenuka n'kundiyang'ana, ndipo sindinadziwe choti ndichite ndi maso anga. A Levulo anandikhudza paphewa ndi nsonga ya levulo.

"Watsala ndi ngongole ya mawu pakhomo pano, Elube. Nkhuku siingadzinenere yokha."

Ndinagwada pafupi ndi mkekawo n'kunena zonse, za mbale pamutu, za nyimbo, za kuvina. Linali bodza loyamba limene ndinalibweza ndi pakamwa panga, ndipo linawawa potuluka kuposa mmene linakomera polowa. Amake Dorofe anayamba kuseka mpaka chifuwa chinawagwira. Anti anapepesa, mawu ochepa koma omveka, ndipo asanatuluke anawafunsa ngati anali atadya kanthu.

Titafika kunyumba, anti anamasula chitenje chija n'kubwezera zovala zanga m'katoni yake, osandiyang'ana. Za Loweruka palibe anazitchulanso. Chilango cha mbale ndinachilandira ndithu: kutungira madzi amake Dorofe m'mawa ndi madzulo mpaka atachira, ndi kusesa khola la nkhuku imene ndinainamizira. A Levulo akutsanzika, anti anawaitana pakhomo, nkhope itasintha ngati munthu amene wakumbukira chinthu mochedwa.

"Agogo, ndiye kuti zonse zimene timalankhula muno, ine ndi abambo awa, inu mumamva?"

"Ine ndimamva zakugwa zokha, mayi," anatero, n'kulowa kwawo msangamsanga.

M'mawa mwake anti anawaitana okha kuti adzamate dothi mbali ya kwathu, laimu kapena ayi. A Levulo anachotsa katoni ija pansi pa kabati n'kuikapo kathabwa kosema bwino, kathovu mpaka kanaima pakati. Anauza anti kuti zolemera ndi zosweka zizikhala m'munsi, pamwamba pazikhala madengu ndi nsalu. Anakauzanso oyang'anira nyumba kuti mng'aluwo ndi wamoyo, ndipo anabwererako kangapo mpaka amisiri anabwera m'chilimwe kudzagumula mbali ya khomalo n'kumanganso. Mkuluyo anaima pambali pawo masiku onse atatu, akuwayezera ntchito popanda womupempha. Azibambo a pa bawo analeka za mawondo zija. Mmodzi anangoti galu wamkota sakandira pachabe.

Koma ine ndinawakwiyira. Masiku awiri ndinkadutsa pa njerwa zawo ngati sindikuwaona. Tsiku lachitatu anandiitana.

"Wakwiya chifukwa cha mbale."

Ndinayang'ana kumbali.

"Ndikanabisa ya mbale, ya fulasiki akanaikhulupirira ndani? Anti ako ankadziwa kale mumtima kuti nkhuku ija inalibe mlandu. Akanati mkuluyu amangoikira kumbuyo mwana. Levulo ikanama pakhoma limodzi, umaitaya, chifukwa sudziwanso pamene ikunena zoona." Anandipatsa nthochi imene anaisunga m'thumba la jekete, yofewa kale mbali imodzi. "Pita, belu lalira."

Khoma latsopano linalibe mng'alu, ndipo ndinadabwa kupeza kuti ndinkausowa. Masana ndikakhala ndekha, nyumba inkakhala chete mopitirira.

A Levulo anamwalira kuchipatala cha ku Mishoni ndili Fomu 2, kusukulu yogonera konko. Uthenga unandipeza maliro ataikidwa kale. Sindinawathokoze. Ndili mwana ndinkaona ngati zimene anachita zinali zazing'ono, kuyenda makomo awiri madzulo amodzi, ndipo pamene ndinazindikira kukula kwake, munthu womuuza panalibe. Chimenechi chimandiwawabe.

Kusukulu ndinadzaphunzira kuti dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chimene nthaka yake ikung'ambika pang'onopang'ono, n'chifukwa chake timagwedezeka nthawi ndi nthawi. Ndinawerenganso za maiko a pazilumba, kutali m'nyanja zamchere, kumene tizivomerezi totere timabwera pafupipafupi moti anthu satula n'komwe kapu ya tiyi, ndipo akatswiri ali ndi makina olemba kugwedezeka kulikonse, ngakhale kumene munthu sangakumve. Mabukuwo ankanena kuti chivomerezi chaching'ono chimamveka kwambiri kwa munthu wokhala kapena wogona m'nyumba. Ndinaseka ndekha m'kalasi mpaka aphunzitsi anandifunsa ngati ndili bwino. Mkulu wosadziwa kulemba dzina lake anali atandiphunzitsa kale zimenezo ndi dothi la pa chulu.

Ku Milonde ndinapitako ndithu, koma patapita zaka zambiri, ndi satifiketi ya uphunzitsi m'chikwama. Ndimaphunzitsa Sitandade 4. Ana amaswa zinthu, amataya choko, amang'amba mabuku, ndipo ambiri amanama monga ndinkanamira ine. Koma mwana akati "si ine, madamu," ngakhale akhale uja wodziwika ndi bodza, ndimayamba ndafunsa amene anakhala phee nthawi imeneyo, ndi chimene anaona. Anzanga amati ndimataya nthawi. Mwina n'zoona.

Tsiku limene ndinkanyamuka kukayamba ntchito, anti, tsitsi litayamba imvi, analowa kuchipinda n'kutuluka ndi chinthu chokulunga m'nsalu. Inali fulasiki ija. Anali ataisunga zaka zonsezo, magalasi ake ali momwemo.

"Tenga," anatero. "Ndikanakutaya chifukwa cha ichi."

Tinangogwirana manja pakhomo, Joji akutiseka kuti tikulirira fulasiki yakufa.

Ili m'nyumba mwanga mpaka lero, m'shelefu ya m'munsi mwenimweni, poti zosweka sizikhala pamwamba. Siisunga tiyi, ndipo alendo amadabwa chimene ndimaisungira. Koma nthawi zina masana, ndikakhala phee ndikuchonga makope, mkokomo uja umabwera chapatali, malata n'kulira, ndipo m'kati mwa fulasiki timagalasi timalira pang'ono, kamphindi chabe. Ana anga panja amapitiriza kusewera, amuna anga akabwera amati sanamve kanthu. Ine sinditsutsana nawo. Ndimayang'ana makoma anga onse anayi, kenaka ndimanena chapansipansi mawu amene ndinachedwa nawo: "Ndamva, agogo. Zikomo."